Za ku Comoros zatsikira pa Zalewa

Nkhani za mtengo wa makala zayamba zapuma pa Zalewa. Kuyambira pa rodibuloko mpaka pa mphambano ya ku Mwanza, pakamwa pa aliyense pali Comoros, dziko la zilumba zitatu lomwe lili pakati pa Mozambique ndi Madagascar.

Nkhaniyi anaibweretsa ndi dalaivala wa thiraki yochokera ku Beira, uku akudya kanyenya. Akuti ukaphatikiza Ngazidja, Nzwani ndi Mwali, anthu ake safika n'komwe 1 miliyoni, ndipo likulu lawo, Moroni, lili m'tsinde mwa phiri la Karthala lomwe nthawi zina limalavula moto. Wakabaza wina anachita kutsika panjinga: "Achimwene, ndiye phirilo likalusa amathawira kuti, poti uku madzi, uku madzi?" Anthu anafa nacho chikhakhali.

Anyamata okonda mpira akuti dzikoli n'losaderera. Akukumbutsana za mu Januwale 2022 ku Cameroon, pomwe Comoros inakwapula Ghana 3-2, kenako n'kukumana ndi eni bwalo ilibe goloboyi, wosewera kumbuyo atavala magolovesi. Inagonja 2-1, monganso Flames m'manja mwa Morocco. Mkangano wa yemwe anatuluka mwaulemu kuposa mnzake sunathebe.

Bambo wina akuchokera ku mzikiti anawonjezapo zake: anthu a kumeneko pafupifupi onse ndi Asilamu, ndipo chilankhulo chawo n'chachibale ndi Chiswahili. Ufulu anaulandira mu 1975, koma chilumba chachinayi, Mayotte, chinakakamira kwa Afalansa. N'komwe namondwe Chido anasakaza mu Disembala 2024 asanafike kuno.

Agogo ena atamva kuti mpunga wambiri umene amadya kumeneko umabwera pa sitima, anagwedeza mutu: "Ana inu, amenewo ndi anzathu. Iwo madzi awazinga, ife mtunda watizinga, koma tonse maso ali kudoko. Sitima ikachedwa ku Beira, suja timagona pamzere wa mafuta?"

Koma yomwe yagwira mtima amayi ogulitsa zipatso ndi ya maluwa. Kupatula vanila ndi ndalama zotumizidwa ndi abale okhala ku France, Comoros imadalira maluwa achikasu a mtengo wa ylang-ylang. Amawathyola m'mamawa, kuwaphika ndi nthunzi, n'kutcheza mafuta omwe amakapangira perefyumu wodula. Mayi wina anatula dengu pansi: "Anzathu akudyera maluwa? Ife manachesi akachuluka timagulitsa motaya, otsala n'kuwolera m'dengu momwemu!"

Apa panalibe woseka, chifukwa mayiwo ananena zoona. Zipatso za ku Neno ndi Mwanza zimachoka pano zosafinya, phindu n'kukagwera kwina. Tsopano amayiwo akuti nkhani ya makina ofinyira juwisi akaitula ku gulu lawo la banki m'khonde, ndipo akufuna khansala akaimve yekha ndi makutu ake.