Nthungululu kwa Laimu, Mfumu ya Makoma

Penti wa m'zitini ali ndi omuyamikira ambiri, ali ndi zikwangwani m'misewu ndi nthawi yake pa wailesi. Laimu alibe womuyankhulira. Amagona pakona ya sitolo pa Chintheche kapena pa Mpamba, m'thumba long'ambika kuseri kwa simenti ndi misomali, ndipo womugula amatsitsa mawu poitanitsa. Koma m'mbali mwa nyanja muno, kuchokera ku Kande mpaka ku Usisya, ndani wina wagwira ntchito yaikulu chotere n'kulipidwa chipongwe chokhachokha?

Mtundu wake wokha ndi wachifumu. Laimu ndi mwana wa mwala. Kumapiri a Chenkumbi ku Balaka anthu amaswa miyala, kuiwotcha m'ng'anjo, kenako kuithira madzi mpaka itasanduka ufa. Ufawo ukafika pakhoma umakoka mpweya wa carbon dioxide ndipo pang'onopang'ono umabwerera ku umwala wa makolo ake. Wadutsa pamoto, wadutsa m'madzi, osaiwala kwawo. Penti wa m'chitini mukamufunsa za agogo ake angokuonetsani mtengo wolembedwa pachivindikiro.

Mfumuyi safuna munthu waphuma. Mumamuviika m'ndowa madzulo, agone m'madzi usiku wonse, ndipo akagonamo masiku awiri amakondwa koposa. M'mawa mumamutakasa ndi mtengo, n'kumusefa pa chitenje chakutha kapena pa neti ya udzudzu yong'ambika, ngati asodzi akusiyiraniko. Akhale wamadzimadzi ngati mkaka. Amene amamuphika wolimba poganiza kuti ayeretsa khoma ulendo umodzi amalangidwa pasanathe sabata, laimu akayamba kung'aluka ndi kuyoyoka pamphasa. Akuluakulu amaponyamo mchere wa miyala wosungunula kuti agwire, ena amadonthezamo buluu wochapira zovala kuti kuyera kwake kuthobwe m'maso. Khoma nalo limafuna mwambo wake: kulisesa fumbi ndi ndandaule za akangaude, kupala zakale zimene zikufundukuka, kumata ming'alu, ndi kuliwaza madzi kuti lisamwe laimu mwaumbombo. Mukatero muyambire kumwamba kutsika, ndi bulashi yaikulu ya khonje, ulendo woyamba chopingasa, wachiwiri choimirira, tsiku lathunthu pakati pake.

Apa ndi pamene kudzichepetsa kwake kumaonekera. Laimu akangopakidwa saoneka. Khoma limakhala lotuwa, lamizeremizere, njerwa zikusuzumira, ndipo mlamu wanu amene wabwera kudzaonerera amayamba kufunsa ngati ndalama ija siikanakhala bwino kugulira batala wa ndiwo. Musamuyankhe. Pitani mukadye kondowole. Pofika mawa chipinda chimakhala chayera mbee, ndipo mlamu yemweyo amauza anthu kuti analangiza ndi iye.

Ubwino wake waukulu amaudziwa ndi amene anakhalapo kuno mu Malichi ndi Epulo, pamene maboma ena akuyanika chimanga ife mvula ikadali pakati. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma onyowa kwambiri m'Malawi, ndipo nyumba zambiri zinamangidwa popanda pulasitiki wotchinga chinyezi pa maziko. Madzi amakwera m'njerwa mwakachetechete. Akapeza penti wa mafuta atatseka njira, amamutukumula matuza, n'kumusenda zikambazikamba. Laimu satsekereza mlendo. Chinyezi chimalowa, chimatuluka, khoma limapuma, ndipo ukali wake umachititsa kuti chuku chakuda chija chivutike kumera. Penti wa m'chitini amafuna kuti pulasitala watsopano adikire pafupifupi milungu inayi asanamukhudze. Laimu amakwera pa pulasitala wachinyontho mosanyinyirika, ndipo ndi pomwe amagwira bwino.

Adani ake amati amathimbirira zovala. N'zoona, ndipo ine ndimati umenewu ndiye utumiki wake wopambana. Dera lino si la anthu ovala mwachisawawa. Kuyambira pamene Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, sukulu inatulutsa makalaliki amene anafalikira ku Salisbury ndi ku Joni, ena mpaka ku Cape Town kumene Clements Kadalie wa ku Chifira anakayambitsa bungwe la antchito mu 1919. Ankabwerako ndi masuti, ndipo mpaka lero Mtonga ndi jekete lake salekana. Tsono ndani angaphunzitse bambo wotere kukhala mowongoka pampando, osayedzamira khoma la eni ake? Aphunzitsi analephera, abusa analephera. Laimu amangomusindikiza chidindo kumsana ulendo umodzi, basi waphunzira.

Ndi mboni yosalandira chiphuphu. Bambo amene wauza mayi a kunyumba kuti anachezera kudoko kudikira usipa, koma paphewa pali poyera, mlandu wake sufuna nduna za amfumu. Kudoko kulibe khoma. Mwana amene akukana kuti sanalowe kuchipinda kumene kuli shuga amaweruzidwa ndi chigongono chake chomwe.

Laimu amaluma, inde. Amang'amba zikhatho, ndipo dontho limodzi m'diso limakuvinitsani malipenga opanda ng'oma. Mfumu iti imene mumaigwira ndi manja wamba? Valani magolovesi, kapena majumbo awiri omanga pamkono, dzolani Vaseline, tetezani maso, ndipo pafupi pakhale ndowa ya madzi oyera. Akakulowani m'diso tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, osatikita, kenako thamangirani kuchipatala.

Palinso nkhani ya nkhungu, tizilombo touluka ta m'nyanja tija timene timadzuka mwezi ukakhala mumdima, mphepo n'kutikankhira kumtunda. Munthu wapaka penti wa mafuta masana, khoma likadali lonata, madzulo wayatsa getsi la sola, mawindo ali pululu kuti fungo lituluke. Pofika m'mawa chipinda chochezera chili ndi madontho zikwizikwi, ndipo palibe chowachotsa kupatula sandipepa ndi chitini china. Ndiwo zimene zikanaumbidwa n'kudyedwa zathera pakhoma. Wa laimu zoterezi sizimudetsa nkhawa. Amadikira kuume, amasesa, ndipo pakatsala zipsera amabwerezapo ndi zotsala za m'ndowa, zimene sizionongeka bola pamwamba pake pakhale madzi.

Sindikunena kuti penti wa mafuta alibe malo. Amfumu amafuna mlonda wa pachipata. Mangani chingwe chopaka makala kutalika kwa m'chiuno, chikokeni n'kuchisiya chimenye khoma kuti chisiye mzere, ndipo kunsi kwa mzerewo, ngati khomalo ndi louma, pakani wa mafuta wobiriwira kapena wabuluu kuti ana apeze popukutira manja. Kumwamba konse nkwa laimu. Kumbukirani kokha kuti awiriwa sakwerana pamsana: laimu sagwira pa penti wa mafuta, ndipo penti aliyense wopakidwa pa laimu wosapala amagwa naye limodzi. Amene adzafune kusintha mtima adzapala khoma lonse ndi manja ake, chindapusa choyenera munthu wogalukira mfumu.

Ngakhale boma limadziwa kothawira. Kukamveka kuti kukubwera wamkulu, palibe amene amaitanitsa zitini zodula. Miyala ya m'mbali mwa msewu wa M5, matsinde a mango pasukulu, chimbudzi cha pamsika, zonse zimavekedwa laimu usiku umodzi, ndipo mlendo amadutsa pa galimoto n'kuona chitukuko. Mvula ikadzatsuka zonsezo iye amakhala atafika kale ku Lilongwe.