Pusi wa pagalasi

Akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pusi wa lero sakweranso mumtengo. Amaima pagalasi nkhope itatuluka ziwengo, foni kudzanja lamanzere, lamanja likusanthula mabotolo. Gulu la pa WhatsApp lati madzi a mandimu, mtsikana wa pa TikTok wati mankhwala otsukira mano, azakhali atumiza uthenga woti aloe vera wa kuseri kwa nyumba, ndipo mafuta onunkhira a ku Joni amene ankasungidwira tsiku laukwati nawonso atsegulidwa. Pofika madzulo zonsezi zakumana pa tsaya limodzi, ndipo tsayalo silinafunsidwe maganizo.

Chimene pusi sadziwa n'chakuti ziwengo zotupa ndi zoyabwazi, zomwe madokotala amati urticaria, zimayambira mkati mwa khungu. M'menemo muli timaselo tomwe tikadzidzimuka timatulutsa histamine, chinthu chimene Henry Dale ndi Patrick Laidlaw anafotokoza ntchito yake mu 1910. Histamine amachititsa kuti timitsempha ta magazi tidonthetse madzi, khungu n'kutupa. Chotidzidzimutsa chingakhale chimfine, mtedza, mazira, nsomba, kapena mankhwala onga penicillin, ndipo nthawi zambiri sichipezeka n'komwe. Chinsinsi chachikulu nachi: chotupa chilichonse chimaphwa chokha, kawirikawiri maola 24 asanakwane, china n'kumera pena. Ndiye kuti botolo lomwe lapakidwa komalizira ndilo limalandira ulemu wa ntchito yomwe silinagwire. Umu ndi mmene mandimu anapezera mbiri yaung'anga, pomwe ntchito yawo yeniyeni pakhungu lokandakanda ndi kulasa basi.

Wina angati kuyesa zambiri kumachulukitsa mwayi woti chimodzi chigwire. Chimene chimachulukadi ndi oganiziridwa mlandu. Zonunkhiritsa za m'mafuta zili m'gulu la zinthu zomwe zimaputa khungu kawirikawiri, tsono nkhope ikafika poipa palibe angaloze wolakwa pakati pa alendo onse amene anafika tsiku limodzi. Winanso angati kirimu wa kumsika uja amagwira msanga. N'zotheka, chifukwa ena mwa makirimu oyeretsa khungu amakhala ndi steroid wamphamvu monga clobetasol kapena betamethasone. Koma khungu la kumaso ndi lopyapyala kale, ndipo mankhwala otere akapakidwa masabata ambiri amalipyapyalitsa, n'kusiya ziphuphu ndi timitsempha toonekera. Ziwengo zikanapita zokha, izi zimakhalitsa.

Zothandiza n'zosasangalatsa kujambula pafoni, mwina n'chifukwa chake sizitchuka. Moto uli mkati umazimitsidwa ndi piritsi lotsekereza histamine: cetirizine kapena loratadine. Piriton nayenso amagwira, kungoti amagonetsa, choncho woyendetsa minibasi ayambe waganiza kaye. Kunjaku, kansalu konyowetsedwa ndi madzi ozizira kagonekedwe pankhope mphindi 10, koma osatero ngati kuzizirako ndiko kumakutulutsani ziwengo, pakuti anthu otere aliponso. Madzi otentha, mowa, aspirin ndi ibuprofen zimatha kukolezera. Kenako mafuta amodzi okha opanda fungo, ngakhale Vaseline wamba wa pagolosale, opakidwa mopepuka khungu lisanaumiretu. Apa wotsutsa wanzeru afunsa kuti ngati vuto lili mkati, mafutawo ndi a chiyani. Funso ndi labwino, ndipo yankho lake ndi lodzichepetsa: sachiza ziwengo. Amangoletsa khungu kuuma, chifukwa khungu louma limayabwa palokha, kuyabwa kumaitana zikhadabo, ndipo zikhadabo zimadzutsa histamine wina. Ntchito yawo yathera pomwepo, ndipo botolo la mtengo wa thumba la chimanga siliigwira kuposa kachitini kotchipa.

Pali nthawi ina imene ngakhale mafuta abwinowo ayenera kusiyidwa pashelefu. Milomo, lilime kapena pakhosi zikayamba kutupa, mawu kusasa, mpweya kubanika kapena mutu kuzungulira, chofunika ndi jakisoni wa adrenaline kuchipatala, ndipo ulendo wake ndi wa nthawi yomweyo, gulu la pa WhatsApp lidzamva mawa. Ziwengo zikamabwerabwera kupitirira masabata 6, nazonso n'zopita nazo kwa dokotala, mutanyamula mabotolo onse aja m'jumbo kuti awaone.