Tilekeni Wakula, Ife Tidakali pa Msonkhano

Kwathu tili ndi galu wamkazi, dzina lake Tilekeni. Dzinalo kwenikweni tinkauza aneba a kuseri kwa mpanda, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Anabwera m'katoni ya sopo ali ndi masabata 8, akulira ngati chitseko chadzimbiri. Atakwanitsa miyezi 5, mayi a kunyumba anati tipite naye kwa dokotala wa ziweto akamutseke, asadzabereke. Ine ndinati akadali khanda, tiyambe tamva maganizo a akuluakulu. Pamenepo mpomwe ndinaponda pamoto.

*

Agogo anaika mtondo pansi. "Mutseke mwana wosatha msinkhu? Mulekeni abereke kamodzi, akhazikike, nzeru zilowe."

Ndinati, "Agogo, kodi kubereka kumabweretsa nzeru?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Kwa iwe sikunathandize, mdzukulu wanga. Koma tiyeseko kwa galuyu."

*

Amalume anabwera ndi bolopeni. Iwo chilichonse chopuma ndi bizinesi. Anawerengera pachikuto cha kope: galu amakhala ndi bere masiku 63, amatha kuswa kawiri pachaka, tingoti ana 6 ulendo uliwonse. Pofika pansi pa tsamba anali atagulitsa tiagalu tonse, atagula njinga yamoto ya kabaza, atalembanso mnyamata woyendetsa.

Ndinawafunsa kuti ndani angagule ana a Tilekeni, poti bambo wawo adzakhala aliyense wodziwa kudumpha mpanda.

"Mphwanga, ulibe mutu wa geni. Tidzati ndi German Shepherd amene anakulira m'mavuto."

*

Adokotala sanafunse za nzeru kapena za njinga. Anayamba aona ngati tinamubayitsa katemera wa chiwewe, kenaka anamukweza pasikelo: makilo 9. Anati agalu a matupi ang'onoang'ono amayamba kufunidwa ndi amphongo ali ndi miyezi 6 kapena kuyandikira pamenepo, pomwe zimphona ngati Boerboel ndi Rottweiler zimachedwa, zina mpaka chaka kupitirira. Mukamutseka nyengo yoyambayo isanafike, mpata wa khansa ya m'mawere umachepa kwambiri, ndipo chiberekero chimene chachotsedwa sichingadzadzaze mafinya iye atakalamba, matenda amene amapha agalu aakazi osatsekedwa. Koma kwa agalu a mtundu waukulu kufulumira kuli ndi mtengo wake: mafupa akhala asanakhwime, mawondo ndi chiuno zimatha kudzavuta, nchifukwa chake ena amadikira kuti galu amalize kukula. Zoti abereke kaye kamodzi, anati thupi la galu silipindulapo kanthu.

"Nanga wanuyu ndi mtundu wanji, bambo?"

"Adokotala, mayi ake timawadziwa."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ameneyu sadzakula ngati ng'ombe. Mubwere naye sabata yamawa, ndipo usiku wake asadye."

*

Sabata yamawa ya Mmalawi mukuidziwa. Tinadikira malipiro, malipiro anapita kumaliro, kenaka kunabwera fizi. Tilekeni sankadikira nafe.

Atakwanitsa miyezi 7, m'mawa wina, ndinatsegula geti n'kupeza alendo. Agalu amene sindinawaonepo chibadwire. Wina wakhutu limodzi, wina wotsimphina, wina wonenepa wovala lamba wachikopa pakhosi, wooneka kuti kwawo amadya nyama tsiku lililonse koma wasiya zonsezo chifukwa cha chikondi. Anakhala mwaulemu m'mphepete mwa ngalande ngati anthu odzafunsira mbeta. Agogo anasuzumira nati, "Kodi alendowa mwawapatsa mipando?"

Ulemu unatha dzuwa litalowa. Anakumba pansi pa mpanda, anamenyana, anaimba nyimbo yamaliro usiku wonse. Tilekeni tinamutsekera m'bafa, ine ndinasanduka mlonda, ndowa ya madzi m'manja, tochi kukamwa. Zimenezi zimatenga pafupifupi masabata atatu, ndipo ndinawerenga tsiku lililonse ngati mkaidi. Aneba aja anafuula kuseri kwa mpanda: "Achimwene, tsopano ndife tikuti tilekeni!"

*

Ndinathamangira kwa adokotala maso ali psuu. "Mutsekeni lero lomwe, ndalama ndakongola."

Anakana. Anati galu akakhala pa nyengo imeneyi mitsempha ya magazi ya kuchiberekero imatupa, ndiye opaleshoni imataya magazi ambiri. Tidikire miyezi iwiri kapena itatu zonse ziphwe.

"Nanga alendo aja?"

"Ankhoswe ndinu, bambo. Kambiranani nawo."

*

Anamutseka ali ndi miyezi 10. Anabwera kunyumba pamimba atametedwa, ulusi uli ndondondo, pakhosi atavala chipulasitiki chonga fanulo choti asanyambite bala kwa masabata awiri. Ankagunda nacho chitseko, mpando, miyendo ya agogo. Ana a m'dera anadzaza pageti, ndipo wina anafunsa ngati dishiyo imagwira mpira wa Bullets ndi Wanderers.

Amalume sanandilankhule mwezi wathunthu. Akuti ndinawaphera njinga.

Alendo onse anabalalika kupatula wakhutu limodzi uja. Amabwerabe madzulo aliwonse, n'kukhala pangalande pomwe paja, osapempha kanthu. Dzulo ndinapeza agogo akumuikira nsima ya gaga m'mbale yakale.

"Agogo, galu wa eni ake ameneyo."

"Khala chete iwe. Mkamwini sabwerera ndi njala."