Mulu wa Avogadro

Shuga wakweranso mtengo, ndiye kwathu kwagwa lamulo: supuni imodzi pa kapu, ndipo botolo lake likugona kuchipinda, kumutu kwa mayi a kunyumba. Ndili mkati mong'ung'udza, mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 anatulukira ndi kope la Chemistry.

"Adadi, mole ndi chiyani?"

Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma bambo savomera umbuli pamaso pa mwana. Ndinasuzumira m'kopemo, n'kutsokomola pang'ono. "Aphunzitsi ako analemba mothamanga. Ndi mulu."

Mwangozi, ndinalasa. Mole ndi muludi, ngati wa tomato, kungoti uwu umakhala ndi timamolekyu 6.022 × 10²³, chinambala cha manambala 24 ondondozana. Anachitcha dzina la Amedeo Avogadro wa ku Turin, ku Italy, amene anamwalira mu 1856 asanachione n'komwe. Mwayi wa ena! Ine ngongole ya pa okala ndimaiona tsiku lililonse, koma palibe amene wanditchulira kanthu.

Mulu wa bambo ameneyu ndaukonda chifukwa suchepa. Wa tomato kumsika unali wa asanu, lero ndi wa atatu, wachitatuyo wofinyika. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa Avogadro osagwedezeka. Basela sapereka, koma sakuberanso.

Mwana uja anandionetsa kayendedwe kake. Mulu uliwonse uli ndi kulemera kwake: wa madzi magalamu 18, wa mchere 58.5, wa shuga 342. Ukagawa magalamu amene uli nawo ndi kulemera kwa mulu umodzi, wapeza milu. Ukachulukitsa miluyo ndi chinambala chija, wapeza timamolekyu. Pobwerera umangotembenuza.

Apa m'pamene ndinalemera. Paketi ya kilogalamu imodzi ndi 1000 kugawa ndi 342, milu 2.92, kutanthauza timamolekyu pafupifupi 1.76 × 10²⁴. Zonsezo zanga, ine amene kondakitala amanditsitsa pa minibasi chifukwa cha K200. Kasupuni kanga ka m'mawa, ka magalamu 4, kali ndi 7 × 10²¹. Nditagawira anthu onse 8 biliyoni a padziko lapansi, aliyense angapite kwawo ndi mabiliyoni oposa 800. Ndinayamba kuyenda mokankha mimba. Wa pa okala nditamuuza kuti ndine mwini milu, anangotsegula kabuku ka ngongole.

Madzulo ndinafunsa mwana uja kuti magalamu 342 amaoneka bwanji pa sikelo ya kusukulu. Anati sikelo anaiona yojambula pa bolodi. Labotale kulibe. Mwana akuloweza kulemera kwa zinthu zimene sanayezepo ndi dzanja lake, ndipo chaka chamawa alemba MSCE imodzimodzi ndi anzake amene amayeza sabata iliyonse. Akalephera, tidzati atsikana sayansi imawavuta. Mayi wogulitsa ufa pamsika ali ndi sikelo, sukulu ya boma ilibe.

M'mawa mwake ndinafika patebulo ngati pulofesa, n'kufotokozera mayi a kunyumba chuma chimene chili m'supuni imodzi. Anamvetsera mpaka kumapeto, maziro onse.

"Zoona, bambo? Zochuluka choncho?"

"Sayansi sinama, mayi."

"Ndiye kuyambira lero theka la supuni likukwanirani."