Chikomekome cha lalanje louma

Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ankachenjeza mnyamata amene wakomedwa ndi nkhope ya mbeta asanafunse za khalidwe lake. Ine ndinkayesa mwambiwu ndi wa maukwati basi, mpaka mu July chaka chatha pamene mwana wa mlongo wanga anatsika minibasi pa Kamwendo atanyamula jumbo la malalanje ndi nzeru za pa TikTok.

Nditatambasula dzanja kuti ndisende limodzi, anandiletsa.

"Amalume, awa si odya ayi."

"Nanga ndi ambewu?"

"Ndi okongoletsera m'nyumba. Ndiwaumitsa."

Kuyanika zinthu si kwachilendo kuno ku Mchinji. Fodya timamuyanika m'zigafa, mtedza pabwalo, nkhwani ndi khwanya timafutsa n'kumanga m'zikwatu, chinangwa chimasanduka makaka, bowa nayenso amaona dzuwa. Koma chilichonse chimene tinayanikapo chinali ndi ulendo wake: china kumimba, china ku okushoni ku Kanengo. Zoyanika chakudya kuti uzingochiyang'ana pakhoma ngati kalendala, zimenezo ndinali ndisanazionepo. Agogo ake atamva, anafunsa funso limodzi lokha: "Iwe mdzukulu wanga, ndiye tidzatendera nsinjiro kapena tidzangothira mchere?"

Mtsikanayo ntchito anaigwira mwaluso, pamenepo ndisaname. Lalanje analidula mopingasa, timagawo topyapyala ta theka la sentimita, kuchotsa njere, n'kutipukuta madzi ndi kansalu. Mandimu chimodzimodzi. Mayi wina wa pa TikTok, pafoni yake, anati aziike mu uvuni pa moto wochepa, madigiri 90, kwa maola atatu kapena anayi, uku akutembenuza. Anakapempha uvuni kwa aphunzitsi oyandikana nafe. Ola loyamba lisanathe, magetsi phethi! Anasamukira pambaula, ndipo mandimu anatuluka atada bii ngati mbatata yoiwalika paphulusa.

Apa ndi pamene agogo anadzuka pamkeka. Anthu a ku Ulaya amaumitsa malalanje mu uvuni chifukwa Khirisimasi yawo imagwa m'chisanu, dzuwa litawathawa. Ife malalanje ndi manachesi, kaya a pakhomo kaya ochokera ku Mwanza, amapsa m'miyezi ya June ndi July, kumwamba kuli mbee, mphepo ili youma, dzuwa losafuna mayunitsi. Agogo anayala timagawo tija pa lichero, kuphimba ndi kansalu kopyapyala chifukwa cha ntchentche (neti ya udzudzu anaikana, ili ndi mankhwala), n'kuika pathandala pomwe mbuzi singafike. Madzulo ankalowetsa kuopa mame. Nkhuku zinkazungulira pansi ngati mavenda podikira basi. Pa tsiku lachisanu timagawo tinauma gwa, osamatanso zala.

Kukongola kwake ndiye musanene. Ukakweza kamodzi kudzuwa, kuwala kunkadutsa ngati pa magalasi amitundu a m'tchalitchi, timizere tonse tikuoneka ngati masipoko a njinga. Mtsikanayo anatunga ena pa ulusi n'kupachika pawindo, ena anatsekera m'botolo lakale la khofi. Anajambula, anaponya pa Facebook, anzake a ku Lilongwe n'kumachemerera.

Nyerere sizili pa Facebook, koma nkhani zinaimva. Madzi akachoka mu lalanje, shuga amatsala momwemo, ndipo amachita kuunjikana. Pa chipata cha Mwami, chimene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula mu December 2022 kuti apaulendo azidinditsa zonse malo amodzi, munthu amafunsidwabe chiphaso. Nyerere zinakwera khoma, kudutsa pa felemu, kutsika ndi ulusi, popanda woziimitsa. M'mawa mwake mkanda uja unkayenda wokha. Nkhuyu imachitako manyazi, nyerere zake imabisa m'kati; lalanje la mdzukulu linaziika poyera, pawindo, alendo akuona.

Ine nyererezo sindiziimba mlandu. M'nyumba monse, ndi izo zokha pamodzi ndi agogo zimene zinakumbukira kuti lalanje ndi chakudya.

Zimene zinapulumuka kwa nyerere zinakumana ndi mvula. Mayi wa pafoni uja sananene kuti kwathu Khirisimasi imabwera ndi chinyezi, ndipo chipatso chouma chimamwanso madzi a mumpweya. Pofika sabata yachiwiri ya December, timagawo ta pawindo tinafewa n'kumera chuku. Mlimi wa mtedza wa ku Mkanda kapena ku Kapiri safuna kumuphunzitsa za chuku. Amadziwa mmene ogula amabwezera thumba lonse chifukwa cha iko. Tinakataya kudzala.

Za m'botolo zokha ndi zimene zinakhala bwino, zouma, zonunkhira. Mtsikanayo anati zimenezo ndi za pa mtengo wa Khirisimasi, zotsala adzaika pamilomo ya matambula a alendo monga amachitira m'malo odyera apamwamba, kumene kagawo kamodzi ka ndimu kamakweza mtengo wa chakumwa ngati kabwera pa ndege. Koma kunyumba kunali munthu wina amene chimfine chinkamugwira m'mawa uliwonse madzi a tiyi akangowira. Kagawo kamodzi m'kapu, kawiri ngati kwazizira.

"Agogo, mwadya zokongoletsera zanga!"

"Ndakongoletsa m'mimba, mdzukulu wanga."

Pa 25 December m'botolo munatsala timagawo titatu, ndipo pa mtengo tinapachika mabaluni a pa golosale. Inu amene mukufuna kuyesa chaka chino, yanikani mu July, tsekerani m'botolo louma, pachikani pa tsiku lenilenilo, ndipo botololo musaliike pafupi ndi masamba a tiyi.