Adada, Kwerani

Pa Karonga munthu wamkulu saloledwa kuyenda wapansi popanda chifukwa chomveka. Lamuloli silinalembedwe paliponse, ngakhale ku khonsolo simungalipeze, koma anthu amalisunga kuposa malamulo a pamsewu. Mukhoza kuyenda ngati mukupita kumaliro, kuchigayo kapena kukalonjerera ngongole. Koma kungodzuka m'mamawa, kumanga zingwe za nsapato n'kuyamba kuponda M1 opanda kopita, cholinga chongoti thukuta lituluke, imeneyo ndi nkhani yofunika kuti akuluakulu a banja akhalirane pansi.

Pali a Hedi ena amene anapuma ntchito atakwanitsa zaka 60. Dzina sinditchula, ndi apongozi a eni. Kuchipatala anawamanga lamba pamkono, kupopa, namwino n'kupukusa mutu: BP yakwera, nayenso shuga ali pakhomo akuodira. Anawapatsa mapilisi, anawauza kuti achepetse mchere, komanso kuti aziyenda ndawala mphindi 30 pa tsiku. Za mapilisi banja lonse linamva. Za mchere mayi a kunyumba anati aona mmene angachitire. Koma za kuyendazo onse anangoyang'anana, poti galimoto ilipo ndipo ana anachita kusonkherana.

A Hedi ndi munthu wa dongosolo. Anayamba ndi yunifolomu. Pa kaunjika anapeza trakisuti yokhuthala bwino, yosokedwera anthu a kumaiko a chipale chofewa, ndipo anaivala mu Okutobala, mwezi umene pa Karonga ngakhale mbuzi zimafuna mthunzi 7 koloko isanakwane. Nsapato zoyera mbee zinadzera pa Songwe. Botolo la madzi linali m'manja, kathaulo paphewa.

Asanafike n'komwe pa raundabauti, mnyamata wa kago, kabaza wa kuno, anali atatsika kale panjinga.

"Adada, kwerani."

"Ayi mwanawe, ndikungoyenda."

"Musadandaule za ndalama, mudzandipatsa mawa."

"Ndalama ndili nayo. Ndikuti ndikungoyenda."

"Mukupita kuti nanga?"

"Kulikonse ayi."

Mnyamata uja anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zoyera zija, n'kuyamba kuwatsatira pambuyo akukankha njinga, kuti mwina akagwa pakhale mboni. Sipanatenge nthawi, galimoto inaima ndi mabuleki a ukali. Anali mwana wawo wa sukulu wakalekale, tsopano bwana wa mimba yake. "Sala! Inuyo wapansi ine ndilipo? Anthu andiona bwanji?" Kukana kunali kumuchititsa manyazi pagulu. A Hedi anakwera, anawagulira chakumwa chozizira cha shuga, n'kukawatula pakhomo pomwe anachokera. Masewero a tsiku loyamba anathera pomwepo, ndipo amene anatuluka thukuta anali wa kago uja.

Ngakhale magalimoto atapanda kuima, pali moni. Kuno moni sapereka mothamanga. Mukanena "mwaghona" ndiye kuti mwatsegula msonkhano: kunyumba adzuka bwanji, mayi mwendo uja uli bwanji, ng'ombe zija zinapezeka, mpunga chaka chino ukugulidwa bwanji. Munthu amene waphunzitsa theka la tauni sangadutse anthu mutu uli gwa, mawa angamve kuti penshoni yamukuza mtima. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewero mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo akhale oti mtima ugunde mofulumirirapo, mpweya n'kumatuluka mwa phuma pang'ono. Amene analemba zimenezo ku Geneva sanaganizire kuti pa mphindi 30 za a Hedi, 25 zikhoza kuthera chiimire, manja ali pamodzi, akufunsa za ng'ombe.

Pofika masana a tsiku lachitatu tauni inali itapeza kale mayankho. Ena anati galimoto aigulitsa. Ena anati penshoni siinatuluke. Amayi a pa mjigo anati pali kamtsikana kwinakwake cha ku Old Town, apo ayi munthu angadzukirenji 5 koloko atadzola mafuta? Gulu lachifundo linati ndi mutu, aphunzitsi a masamu amathera choncho.

Anayesa kuthamanga kuti anthu asapeze mpata wowaimitsa. Apo ndiye analakwitsa zedi. Chichitikireni zivomerezi za mu Disembala 2009, anthu a kuno akaona munthu wa imvi akuthamanga safunsa mafunso, amayamba atuluka kaye m'nyumba. Mayi wina anatuluka ndi mwana kumsana ndi wailesi m'manja. Agalu a m'mudzi monse nawo analowa nawo mpikisano osaitanidwa, ndipo tsiku limenelo lokha ndi limene a Hedi anakwanitsa zimene WHO imafuna.

Komatu nkhani ya BP si nthabwala ya m'tauni mokha, ndipo umboni wake unachokera m'boma lomwe lino. Ku Chilumba kuli bungwe la kafukufuku la MEIRU, lomwe kale linkatchedwa Karonga Prevention Study ndipo linayamba mu 1979 ndi nkhani za khate. Pakati pa 2013 ndi 2016 anayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000, ena m'midzi ya kumwera kwa Karonga, ena ku Area 25 ku Lilongwe. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 7 aliwonse anali ndi BP yokwera, kumudzi ndi m'tauni chimodzimodzi, ndipo oposa theka mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kumidziko amayi 27 mwa 100 aliwonse anali onenepa kupyola muyezo, abambo 9. Ku Lilongwe amayi anafika 44. Koma pitani mukauze apongozi anu kuti thupi lawo lapyola muyezo, mudzatiuze mmene mwayendera.

Pajatu kuno mimba ndi satifiketi. Imasonyeza kuti ana akutumiza ndalama ndipo mkazi amadziwa kuphika. A Hedi lamba atangosuntha bowo limodzi, alongo awo anabwera kuchokera ku Kaporo ndi thumba la mpunga wa Kilombero pamutu, nkhope ili yakugwa. Anakokera mlamu wawo kuseri. "Tiuzeni zoona, achimwene akudwala chiyani?" Madzulo ake panali mbalagha ya nyama yonona, nsuzi wake ukuyandama mafuta, mpunga mbale yodzaza, chambiko pambali. Mayi a kunyumba anaima chapafupi manja m'chiuno kuti aone ngati mbale ibwerere ndi kanthu, chifukwa mbiri imene inali pachiswe inali yawo.

Anzawo a m'badwo umodzi anawaitanira ku masoshozi, mpira wa madala wa Lamlungu masana. Kumeneko kuli jezi, kuli kaputeni, kuli msungichuma, kuli ngakhale komiti ya chilango. Chimene chimachepa ndi mpira. Munthu amalowa, kuthamangira mpira kamodzi, kugwira kuseri kwa ntchafu, n'kukweza dzanja kuti alowe wina. Otsalawo amasewera ndi pakamwa, kulongosola mmene ankagoletsera mu 1985 ndi mmene Karonga United ikanapambanira akanakhala kochi iwowo. Gawo lachiwiri limaseweredwa pa kanyenya, ndipo limeneli palibe amene amavulala kapena kupempha kutuluka. Amayi nawo ali ndi gulu lawo la maerobiki. Kumeneko thukuta limatulukadi, tisanamizane, kungoti theka la nthawi limathera kujambulana kuti pa WhatsApp pasakhale mbuu.

Tsono imani m'mbali mwa msewu m'mamawa muone agogo akuchokera kumunda. Ku Hara, ku Wovwe, ku Lufilya, amayi a zaka 70 amawerama m'matope kuwokera mpunga kuyambira mbandakucha, kenako n'kusenza mtolo wa nkhuni mpaka kunyumba. Kunyanja madala amapalasa bwato ndi kukoka khoka la usipa. Palibe amene amawauza kuti kwerani, poti khasu likuonekera. Zimavuta mwana wawo akalemera n'kuwatengera ku tauni. "Amama, mwavutika kokwanira, tsopano pumani." Amawakhazika pa sofa, kuwapatsa rimoti, madzi akumwa mdzukulu achite kubweretsa atagwada. Akagwira tsache amawalanda, alendo angaone. Minofu ya m'ntchafu ikapanda kugwira ntchito imafota, ndipo pa ukalamba imafota msanga. Pakatha chaka agogo aja amene ankadumpha ngalande ndi chidebe pamutu akufuna anthu awiri kuti adzuke pampando. Tsiku lina amaterereka kubafa, chiuno n'kuthyoka, abale n'kuyamba kufufuza kuti wawalodza ndani. N'chifukwa chake a WHO omwewo amati amene apyola zaka 65 azichitanso masewero olimbitsa miyendo ndi othandiza kuima mosadzandira masiku atatu pa sabata. Pa Karonga amene amapindula ndi kuima malo amodzi ndi Malawisaurus yekha, chinyama chamakedzana chija chimene chakhala chiimire ku nyumba ya chikhalidwe chiitsegulireni mu 2004 osadandaula bondo.

Pali malo amodzi pomwe nkhalamba imaloledwa kutuluka thukuta anthu n'kumaomba m'manja: pa mapenenga. Guleyu anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo Karonga asilikali anawaonadi, poti Angerezi ndi Ajeremani anamenyana pompano mu Seputembala 1914. Muwaone madala atavala zoyera, sokosi mpaka m'mawondo, akunjuta pang'onopang'ono, kupinda bondo, kuima ndi mwendo umodzi, kutembenuka, msana uli chilili, nkhope yosaseka. Zonse zimene madokotala amapempha zili momwemo. Palibe wa kago amene analowapo m'bwalo kukati adada kwerani. Kungoti mapenenga savina tsiku lililonse, ndipo a Hedi ndi mkulu wa mpingo, ng'oma amangoimvera patali phazi likugunda lokha pansi pa tebulo.

Nzeru inabwera yokha pamene mpingo unayamba kusonkha ndalama za denga. A Hedi anavula trakisuti, anavala malaya a kolala, n'kutenga buku lalikulu la chikuto cholimba lolembedwa ZOPEREKA, cholembera chili pakhutu. M'mawa umenewo tauni inasintha. Anyamata a kago anayamba kuyang'ana matcheni a njinga zawo. Bwana uja wa galimoto anangoliza hutala n'kuponda moto. Amene ankafunsa za ng'ombe anapereka moni ali kutsidya kwa msewu, akuloza wotchi. A Hedi anayenda ndawala mpaka pa mlatho wa Rukuru n'kubwerera popanda wowaimitsa, malaya ali nyowe.

Denga linatha kalekale, koma bukulo akuyenda nalobe, ndipo namwino akuti BP yatsika. Vuto ndi lakuti sabata yatha gogo wina wogulitsa nthochi anawaimitsa, anamasula mfundo ya chitenje n'kuwapatsa K500. Tsopano a Hedi akufunsafunsa mwakachetechete ngati pali mpingo uliwonse, ngakhale wa Katolika, umene denga lake likudontha.