Msiyeni Bean ndi Nkhukundembo Yake

Disembala akangofika, pali milandu ina imene imazengedwanso ngakhale mboni zake zidakalamba, ndipo umodzi ndi wa gawo la Khirisimasi la sewero la Mr. Bean. Gawoli, lotchedwa Merry Christmas, Mr. Bean, lidaonetsedwa koyamba pa ITV ku Britain pa 29 Disembala 1992, koma mpaka lero oonera sanamange chimodzi. Ena amati pa magawo onse 15 amene Rowan Atkinson adasewera, palibe lothyola nthiti ngati limeneli. Ena amavomera kuti n'loseketsa, koma amati mulibe mtima wa Khirisimasi, poti mkuluyu amayamba ali woumira n'kumaliza ali woumira. Ine, amene ukadaulo wanga pa za kanema umathera pomenya rimoti kuti mabatire adzuke, ndaima ndi gulu loyambalo, ndipo chifukwa changa n'chomwecho chimene anzathuwa akudandaula nacho. Bean satembenuka mtima, ndipo akadatembenuka bwenzi gawolo titaliiwala chaka chomwecho.

Taonani ntchito zake. Ku Harrods, sitolo yotchuka ya mu London, pofuna kuyesa timagetsi ta pamtengo, amazula pulagi ina n'kuthimitsa magetsi onse okongoletsa kunja kwa chinyumbacho. Mitengo ya Khirisimasi itatha pamsika, amatenga waukulu wa pabwalo la tauni n'kuumangirira pa kagalimoto kake. Makadi a mafuno abwino amadzitumizira yekha, kuwaponya pa kabowo ka makalata ka pachitseko chake chomwe. Khoswe wa m'nyumba mwake amamupatsa mphatso ya tchizi, koma tchiziyo amamuikira pamsampha. Ana oimba nyimbo za Khirisimasi atafika pakhomo, amakoka mpando, kukhala bwinobwino akudya chokoleti, nyimbo itatha n'kutseka chitseko osapereka ndi kobiri lomwe. Odandaula amati kumeneku n'kuuma mtima. Ife amene timadziwa kuti kuseri kwa Khirisimasi kwabisala Januwale, fizi ndi lendi zili kumanja, timati n'kusamala m'thumba. Ndipo mkuluyu amatiposa ulemu, chifukwa iye amayamba wamvetsera kaye, pamene enafe tikamva oimba pageti timatsitsa wailesi n'kutontholetsa ana kuti pakhomo pazioneka ngati palibe munthu.

Mlandu waukulu ndi wa Irma Gobb, chibwenzi chake, amene adaseweredwa ndi Matilda Ziegler. Irma amamukokera pawindo la sitolo ya ndolo ndi mphete n'kumulozera chimene mtima wake ukufuna. Pafupi ndi mpheteyo pali chithunzi cha mwamuna ndi mkazi okondana, chongokongoletsera malonda. Tsiku la Khirisimasi Bean amamupatsa mphatso yokutidwa bwino, ndipo Irma atamasula amapeza chithunzi chija. Misozi ili m'maso, amaona Bean akutulutsanso kabokosi kakang'ono, mtima n'kukhalako pansi, koma m'kabokosimo muli kambedza kokolekera chithunzicho pakhoma. Mayiyo amachoka akulira, ndipo m'magawo otsatira saonekanso. Amayi ambiri oonera amati apa palibe choseketsa, ndipo sindingawatsutse ndi mawu okweza, ndimafunabe kudya madzulo. Koma onani kumene nthabwalayo yaloza. Woseketsa si Irma ayi, ndi mwamuna amene adayang'ana kumene chala chikuloza, n'kuona zonse kupatula chinthu chodula. Luso limenelo abambo timabadwa nalo. Mukatilozera nsapato pawindo, ife timayamikira galasi. Ndipo seweroli silimukhululukira Bean, limamusiya yekha m'nyumba, chimene ndi chilango chokwanira ndithu.

Amene amafuna kuti gawo la Khirisimasi lizitha ndi munthu wosinthika adazolowera nthano ya Scrooge, imene Charles Dickens adatulutsa mu 1843, ya munthu woumira amene amadzuka m'mawa ali wopatsa. Koma Scrooge adangofunika kusintha kamodzi, buku n'kutsekedwa. Munthu wa m'sewero la nthabwala amayenera kubweranso, ndipo akabwera atachira matenda ake ndiye kuti olemba ntchito yawathera. Umboni uli ku Britain komweko. Sewero la Only Fools and Horses, lolembedwa ndi John Sullivan, linali la Del Boy ndi mng'ono wake Rodney, ochita timabizinesi tamagwiragwira ku Peckham, olota chuma chaka ndi chaka. Pa 29 Disembala 1996 oonera adapatsidwa zimene ankapempha, abalewo adagulitsa wotchi yakale pa mtengo woposa mapaundi 6 miliyoni, anthu opitirira 24 miliyoni akuonera. Aliyense adakagona wokondwa. Koma seweroli litabwereranso pa Khirisimasi ya 2001, chinthu choyamba chimene wolemba adachita ndi kuwalanda chuma chonse chija, poti Del Boy wolemera analibe choti n'kutiseketsa nacho. Oonera timapempha kuti munthu wathu atukuke, koma akatukuka timasintha tchanelo, monga momwe timachitira ndi mnzathu wa pabawo akagula galimoto.

Dandaulo limene ndimalipatsa ulemu ndi la anthu opemphera. Mu Harrods muja Bean amapeza tizidole toonetsa kubadwa kwa Yesu m'khola, n'kuyamba kuseweretsa. Amalowetsamo asilikali, lole yodzatenga nkhosa, chinyama chakale chija cha T. rex, akasinja ankhondo, mpaka Dalek wa mu Doctor Who, kenako helikopita imanyamula Mwanayo kupita naye pa bedi la m'kanyumba ka zidole. Ena amati n'kunyoza zopatulika. Koma yang'anitsitsani, akuluakulu. Pa chipwirikiti chonsecho, Bean amakhalira kutontholetsa ziweto kuti Mwana asadzuke, ndipo mapeto ake ndi kumuchotsa m'khola kuti akagone pabwino. Ndi amodzi mwa malo ochepa m'gawo lonse pamene mkuluyu akusamala wina amene si iye mwini kapena chidole chake Teddy. Amene adaonerapo sewero la Khirisimasi la Sande sukulu, mmene Herode amaba chionetsero chonse mpingo uli gwa ndi kuseka, sangayambe lero kukwiya ndi helikopita.

Otsala ndi a mkangano wa nkhukundembo. Bean akuikamo zokometsera, wotchi yake imatsalira m'mimba mwa mbalameyo, ndipo poisuzumira mutu wonse umalowa n'kukanirira, Irma ali pachitseko. Mu 1998 sewero la ku America la Friends lidachitanso zofananazo pa gawo la Thanksgiving, ndipo kuyambira pamenepo okonda masewero awiriwa salekana pa nkhani ya amene adaba nzeru za mnzake. Kalendala yayankha kale za woyamba. Za wopambana, a Friends amati kwawo kuli chikondi, poti Monica amavala nkhukundemboyo dala, n'kuiveka magalasi ndi kachipewa, kuti asangalatse Chandler, yemwe pomwepo amaulula kuti amamukonda. Chabwino, koma ndi angati mwa ife amene tidalowetsapo mutu pamalo onyansa chifukwa cha chikondi? Chifukwa cha wotchi, tonse tingalowetse mpaka mapewa.

Dandaulo langa ndi limodzi lokha, ndipo palibe woonera wa ku Britain amene ndingayembekeze kuti aligwirizire. Nkhukundembo ija itazuka pamutu imatulukira pawindo, Bean ndi Irma n'kukhala pansi kudya buledi wopaka jamu ndi tizidutswa ta karoti. Nyama yonse ija ili pansi pomwepo, madzi pampopi akutuluka, mchere ulipo, koma palibe ndi mmodzi yemwe wotsika masitepe kukaitola.